Mashingozi: Chenjezo Lochokera M'thupi

Ife ogwira ntchito zaumoyo m'midzi ya ku Rivirivi timakumana ndi achinyamata obisa matuza opweteka pansi pa malaya. Ena amati alodzedwa, ena amaopa kusekedwa. Matendawa ndi mashingozi, ndipo chipatala chimathandiza.

Amayamba bwanji?

Kachirombo koyambitsa mashingozi ndi komwe kamayambitsanso katsabola. Mwana akachira katsabola, kachiromboka sikachoka koma kamabisala m'mitsempha kwa zaka zambiri. Chitetezo cha m'thupi chikatsika chifukwa cha ukalamba, khansa kapena HIV, kamadzukanso. Khungu limayamba kuotcha ngati moto, kenako matuza amatuluka mondondozana ngati lamba, mbali imodzi yokha ya thupi.

Si aliyense wodwala mashingozi amene ali ndi HIV, choncho tisalozane zala. Komabe akagwira wachinyamata, ndi chifukwa chokwanira chokayezetsa magazi.

Nanga katemera alipo?

Katemera wa katsabola anapangidwa ku Japan ndi Dr Michiaki Takahashi mu 1974, ndipo dziko la America linamuvomereza mu 1995. Muli kachirombo kamoyo kofooketsedwa, n'chifukwa chake saperekedwa kwa amayi oyembekezera kapena anthu amene chitetezo chawo chatsikiratu.

Katemera wa mashingozi wotchedwa Shingrix anavomerezedwa ku America mu 2017. Munthu amabayidwa kawiri. Mulibe kachirombo kamoyo, ndipo mu 2021 anamuloleza kwa anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo amene chitetezo chawo n'chofooka.

Akatemera awiriwa sali pa mndandanda wa katemera waulere wa ana ku sikelo kuno ku Malawi. Amene ana amalandira ndi wa chikuku, ndipo sateteza ku katsabola. Chishango chomwe tili nacho pafupi ndi ma ARV. Boma linayamba kuwapereka kwaulere mu 2004, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi HIV amayamba kumwa osadikira kuti adwale. Chitetezo chikakwera, mpata wa mashingozi umachepa.

Tichite chiyani?

Pitani kuchipatala msanga. Mankhwala a acyclovir amagwira bwino ntchito akayambidwa pasanathe masiku 3 matuza atatuluka. Matuza akakhala pamphumi kapena pafupi ndi diso, musagone nawo, chifukwa diso likhoza kuchita khungu. Thamangirani kuchipatala chapafupi, kapena chachikulu ku Balaka kapena ku Liwonde.

Musaboole matuza, musatemere mphini, musapake phulusa. Aphimbeni ndi nsalu yoyera, chifukwa madzi ake angapatsire katsabola munthu amene sanadwalepo. Makanda ndi amayi oyembekezera atalikire mpaka zilonda zitauma. Mwana wodwala katsabola musam'patse aspirin.

Anzathu a m'makalabu, kambiranani nkhaniyi pa msonkhano wanu ukubwerawu. Mnzanu akakuonetsani matuza otere, musakafalitse kumjigo kapena kubwalo la mpira. Muperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo.