Khoma lomwe tidafuna kugwetsa

Nyumba zathu zambiri sizidamangidwe nthawi imodzi. Zidayamba ndi zipinda ziwiri, ana atachuluka tidawonjezera chachitatu, ndipo agogo atabwera kuchokera kumudzi tidakumbanso maziko kuseri. Umu ndimo tamangira ku Ndirande, ku Kawale ngakhalenso ku Chibavi. Chovuta chimadza pamene maganizo asintha njerwa zitafika kale pazenera.

Ifenso zidatichitikira. Tinkawonjezera chipinda chodyera m'mbali mwa balaza, ndipo pulani idasonyeza khomo wamba pakati pake. Makoma atakwera, mayi a kunyumba adati kukadakhala bwino khoma lonselo litachoka kuti alendo akabwera azikwana malo amodzi. Mmisiri sadachedwe kuyankha: "Palibe vuto, bwana, mawa tigwetsa."

Chidatipulumutsa n'chakuti simenti idatha tsiku lomwelo. Tikudikira malipiro a kutha kwa mwezi, mnzathu wina yemwe ndi injiniya adadzationa. Adakwera kudenga ndi tochi, natsika ali mbuu ndi fumbi. "Achimwene," adatero, "mitanda ya denga lakale yatsamira pakhoma limeneli."

Tidali titaiwala kuti khomalo lidali lakunja nyumba isadawonjezedwe. Khoma lotere, lomwe nthawi zambiri limakhala lochindikala mamilimita 230, limalandira kulemera kwa denga n'kukutsitsira kumaziko m'litali mwake monse. Lija lopyapyala la mamilimita 115 kawirikawiri ntchito yake n'kugawa zipinda, ngakhale nalonso liyenera kuonedwa bwino lisadagwetsedwe. Tikachotsa khoma losenza katundu, katunduyo sachoka. Pamafunika mtanda wa konkire wokhala ndi zitsulo, ndipo mtandawo umasonkhanitsa kulemera konse n'kukuika pansonga zake ziwiri zokha. Nsongazo zimafuna nsanamira, nsanamirazo zimafuna maziko akeake, pakuti maziko akale adakumbidwa kuti asenze katundu womwazika. Ganizo lobwera pabalaza lidakathera pansi pa nthaka, komwe maso athu sadafike.

Zosintha zina zimaoneka zazing'ono koma n'zolemera. Woyamba ndi pulani ya malata n'kusirira matailosi a konkire pakati panjira, adziwe kuti matailosiwo amalemera kangapo kuposa malata, ndipo matabwa omwe adagula kale mwina sangapirire. Wofuna chipinda chapamwamba awerengere izi: konkire wochindikala mamilimita 150 wophimba chipinda cha mamita 4 mbali zonse amalemera makilogalamu pafupifupi 5,760. Kumeneko n'kuika matumba 115 a simenti pamwamba pa ana ogona pansi, tisadawerengere makoma, mipando ndi anthu. Kukulitsa zenera nako kumadya mphamvu ya khoma. Tisaiwale kuti dziko lathu limagwedezeka: zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009 zidagwetsa nyumba zambiri za njerwa.

Komatu kusintha komwe kumatidetsa nkhawa kwambiri ndi kuja kobwera ndi kuperewera kwa ndalama, chifukwa kumachitika mwakachetechete. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti ndi zitsulo idakwera anthu ali pakati pa ntchito. Zikatero mtima umanong'oneza kuti tigule zitsulo za Y10 m'malo mwa Y12, poti kusiyana kwake ndi mamilimita awiri okha. Koma chitsulo cha Y10 n'chochepa ndi pafupifupi magawo atatu mwa khumi poyerekeza ndi Y12. Ena amawonjezera wilibala ya mchenga pathumba lililonse la simenti. Zonsezi pulasitala amazibisa, ndipo wodzagona m'nyumbamo, kaya ndi mwana wathu kaya ndi wa lendi, sadzadziwa. Ngati thumba laphwa, achedwe ndi penti, siling'i ndi matailosi a pansi. Zimenezo zingadikire chaka chamawa osavulaza munthu.

Mmisiri wathu sitidamudzudzule. Amisiri ambiri amaopa kunena kuti ayi kwa mwini ntchito, poopa kuti wina wovomera zilizonse awalanda ganyu. Mlandu udali wathu: tidamufunsa funso la injiniya, ndipo tidafunsa mosonyeza yankho lomwe tinkafuna kumva. Paja mutu umodzi susenza denga.

Tidaimitsa ntchito milungu itatu. Injiniya adajambula mtanda ndi nsanamira zake, pulani yosinthidwayo tidakaionetsanso ku khonsolo, ndipo tidakhala pansi ndi mmisiri kulemba papepala ntchito yowonjezera ndi mtengo wake, aliyense n'kusaina. Pepala limenelo lidatiteteza ku mikangano ya "mudanena pakamwa" yomwe yadanitsa anansi ambiri. Denga lidachirikizidwa ndi mitengo khoma lisadakhudzidwe. Konkire atathiridwa tidamuthirira madzi sabata yathunthu, ndipo zochirikiza sizidachotsedwe mpaka masiku 28 atakwana, nthawi yomwe konkire amafika pamphamvu yomwe injiniya amawerengera.

Ndalama ya khonde idathera pamenepo, ndipo khondelo silidamangidwe mpaka lero. Nsanamira ziwiri zatuluka pang'ono m'mbali mwa balaza. Mayi a kunyumba poyamba sadazikonde, koma tsopano pa imodzi adapachikapo kalendala.