Mphaka wapagombe: msamuko, mbedza ndi chiwewe

Mphaka amaba usipa pathandala, inde, koma ndi yemweyo amene amapirikitsa makoswe kunkhokwe. Tisamutaye.

Amphaka ambiri amasowa banja likasamukira doko lina potsata nsomba. Mukafika kumalo atsopano, mutsekereni m'nyumba masabata awiri, mukumupatsa chakudya ndi madzi, mpaka azolowere.

Mbedza ya nyambo musaisiye poyera. Akaimeza, chonde musakoke chingwe, mungamung'ambe m'mimba. Thamangani naye kwa mlangizi wa ziweto, ndipo nambala yake izikhaliratu m'foni.

Katemera wa chiwewe ndi wa chaka chilichonse, amphaka ndi agalu omwe. Munthu akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chikayamba kuonekera, mankhwala palibe.