Kalata za Kuntchito Zitaloŵa M'thumba

Kale kalata ya kuntchito inali ndi malo ake ndiponso nthaŵi yake. Inkabwera ndi mesenjala, n'kugona m'thireyi pa tebulo la bwana, ndipo ofesi ikatsekedwa madzulo nayo inkatsala momwemo kufikira m'maŵa. Ngakhale makompyuta atabweretsa imelo, kalaliki akanyamuka pa mpando wake ntchito inkatsalira pa desiki. Mpanda umenewu unagwa pang'onopang'ono, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene zinaugwetsa ndi kukonzedwanso kwa pulogalamu yoyendetsa foni ya iPhone m'chaka cha 2008.

Foniyi inayamba kugulitsidwa ku America mu Juni 2007. Anthu anaikonda, koma makampani akuluakulu anainyalanyaza chifukwa sinkamvana bwino ndi Microsoft Exchange, pulogalamu imene maofesi ambiri amasungiramo makalata, kalendala ndi maadiresi a antchito ao. Masiku amenewo foni ya mabwana inali BlackBerry, yopangidwa ndi kampani ya Research In Motion ya ku Waterloo m'dziko la Canada, imene inayamba kunyamula imelo mu 1999.

Tsono pa 6 Malichi 2008, ku Cupertino m'chigawo cha California, Steve Jobs ndi Phil Schiller a kampani ya Apple analengeza kuti atenga chilolezo kwa Microsoft chogwiritsa ntchito njira yotchedwa ActiveSync. Zinali zochititsa chidwi kuona makampani aŵiri olimbirana msika akubwerekana khasu. Pulogalamu yatsopanoyo, iPhone 2.0, inatuluka pa 11 Julayi chaka chomwecho. Eni iPhone anailandira ulere, pamene eni kachipangizo ka iPod touch analipira madola 9.95.

Chachikulu chimene chinasintha ndi kafikidwe ka kalata. Mwa kachitidwe kakale foni inkapita yokha kukafunsa ngati kwabwera kanthu, mwina pa mphindi 15 zilizonse, mwina pa ola, monga mwana wotumidwa ku positi ofesi amene amabwerako chimanjamanja kaŵirikaŵiri. Mwa njira yatsopano foni imatumiza funso limodzi ku kompyuta yaikulu ya kampani, imene odziŵa amaitcha seva, ndipo funsolo limangodikira komweko osayankhidwa. Kalata ikangofika seva imayankha, foni n'kulira. Tinganene kuti mesenjala uja tsopano amakhala pa zenera la positi usana ndi usiku. Msonkhano ukasinthidwa ku ofesi, kalendala ya m'thumba imasinthanso nthaŵi yomweyo popanda kulumikiza chingwe. Panalinso tina tating'ono tothandiza, monga kufufuta kapena kusamutsa makalata ambiri pa kamodzi.

Njirayi inali yosiyana ndi ya BlackBerry, imene makalata ake ankayamba adzera ku malikulu a Research In Motion asanafike pa foni. Kuipa kwa mlatho umodzi kunaoneka mu Okutobala 2011, pamene makina a kampaniyo anaonongeka ku Slough m'dziko la Britain, ndipo anthu a ku Ulaya, ku Middle East ndi kuno ku Africa anavutika masiku angapo osalandira mauthenga.

Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pamodzi ndi zokoma zija munaloŵanso mphamvu ziŵiri zimene anazipempha ndi olemba anthu ntchito. Yoyamba ndi yokakamiza mwini foni kuitseka ndi manambala achinsinsi. Yachiŵiri ndi yofufuta zonse za m'foni kuchokera kutali: woyang'anira makompyuta a kampani amangotumiza lamulo ali pa mpando wake, ndipo foni imabwerera monga inatulukira m'sitolo.

Chifukwa chake n'chomveka. Foni yoiŵalika m'basi ingakhale ndi mapangano a malonda, malipiro a antchito ndi maina a makasitomala, ndipo palibe kampani imene ingafune kuti zotere zigwe m'manja mwa wotola. Vuto linali lakuti foniyo kaŵirikaŵiri inali ya wantchito mwini, yogula ndi ndalama za m'thumba mwake, chikhalirecho lamulo lofufuta lija silinkasiyanitsa kalata ya bwana ndi zithunzi za ukwati kapena za mwana wakhanda. Zonse zinkapita limodzi. Munthu ankati akavomereza imelo ya kuntchito pa foni yake, ndiye kuti wapereka kiyi wa nyumba yake kwa womulemba ntchito, mwina osadziŵa n'komwe. Panapita zaka kuti mpanda umangidwe m'kati mwa foni momwemo: Google inabweretsa chigawo chapadera cha za ntchito pa mafoni a Android mu 2015, ndipo Apple inakonza njira yofanana nayo mu 2019. Komabe zimatengera m'mene kampani iliyonse yakonzera makina ake, kotero mnyamata kapena mtsikana amene wangolembedwa kumene ntchito sangalakwe kufunsa, asanalembe dzina ndi manambala achinsinsi, kuti mphamvu ya ofesi pa foni yake ilekezera pati.

Nyerere ina inali nthaŵi. Kalata imene imatha kufika pa mphindi iliyonse imayembekezanso yankho pa mphindi iliyonse, kaya munthu ali pa mphasa ya nsima, kaya ali pa maliro. Bwana safunikanso kunena kuti yankha msanga. Kulira kwa foni kumamunenera.

Ku Germany antchito a Volkswagen anaona msanga kumene zinkaloŵera. Cha kumapeto kwa 2011 anagwirizana ndi kampani yao kuti seva izileka kutumiza imelo ku mafoni a BlackBerry pakapita mphindi 30 munthu ataŵeruka, n'kuyambiranso kutatsala mphindi 30 kuti ayambe ntchito. Panganoli silinakhudze mabwana akuluakulu. Dziko la France linafika poika lamulo, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2017, lolamula makampani a antchito 50 kapena kuposerapo kuti akambirane nao za ufulu wosayankha mauthenga kunja kwa maola a ntchito. Lamulolo silitchula ola lenileni lozimitsira foni. Linasiya nkhaniyo m'manja mwa okambiranawo, kampani iliyonse payokha.