Musanati "pa intaneti palibe", sinthani dzina

Mtsikana wina wa ku Chelstone anandipeza m'laibulale tsiku lina masana, foni ili m'manja, nkhope itagwa. Anati, "Amalume, bandulo yandithera kawiri. Pa intaneti palibe chilichonse cha kwathu." Aphunzitsi ake anamupatsa ntchito yolemba mbiri ya banja lake. Chimene iye ankadziwa n'chakuti ambuya ake aamuna anali a ku Chipata, ankagwira ntchito ya umesenjala pa boma, kenako anadzakhala ku Kabwata nthawi ya atsamunda. Ndinamupempha kuti andionetse mawu amene ankalemba posaka. Anali awiri okha: Chipata, 1950. Ndinafufuta dzinalo n'kulembapo Fort Jameson. Zithunzi, mapu ndi mitu ya mabuku zinatuluka zochuluka, mpaka mwanayo anakoka mpando n'kukhala pansi.

Ambiri amaona ngati ntchito ya ife a m'laibulale ndi kudinda tsiku lobwezera buku. Imeneyo ndi ntchito ya pakhomo chabe. Chimene tinaphunzira kwenikweni ndi kudzifunsa, tisanakhudze kompyuta, kuti nkhani imene munthu akufunayo anailemba ndani, ndipo wolembayo ankaitchula dzina lanji. Intaneti siidziwa kanthu payokha. Imangobweza zimene munthu wina anatenga pa shelefu, n'kujambula, n'kuikamo, ndipo imazibweza m'dzina limene linali pa chikuto cha fayilo tsiku limene fayiloyo inatsekedwa. Kalaliki wa mu 1950 sanalembepo Kabwe, analemba Broken Hill. Mbala inali Abercorn, Mansa inali Fort Rosebery, Luangwa inali Feira, Malawi anali Nyasaland. Lusaka yemweyu anakhala likulu mu 1935. Makalata a boma a chaka chimenecho chisanafike amanena za Livingstone.

Kwa ife olankhula chinenero chino vutoli ndi lalikulu kuposa pamenepa, chifukwa dzina lathu lenilenilo linalembedwa m'njira zambiri. Ku Malawi chinenerochi chinkatchedwa Chinyanja mpaka mu 1968 pamene boma linati chizitchedwa Chichewa. Kuno ku Zambia tikuchitchabe Chinyanja, ndipo kalembedwe ka m'masukulu athu kamaika c pamene anzathu a ku Malawi amaika ch. Ndiye mukasaka mawu oti chinamwali, mupeza gulu limodzi la zolemba. Mukalemba cinamwali, mupeza gulu lina limene poyamba lija silinaoneke n'komwe. Max Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa a kum'mawa kuno n'kutulutsa buku lake mu 1965, analemba Cewa pa mutu wa bukulo. Wosaka Chewa yekha akhoza kulidumpha. Mpwitikizi António Gamitto, amene anayenda ulendo wochokera ku Tete kupita kwa Kazembe mu 1831 ndi 1832, anatitchula Chevas ndi Maraves m'buku lake la mu 1854, ndipo bukulo lili ndi zambiri za mmene makolo athu ankakhalira asanafike amishoni. Pa desiki yanga ndimasunga kapepala ka mayina onsewa, ndipo aliyense wofuna za chikhalidwe chathu ndimamuuza kuti akopere kaye kapepalako. Gule Wamkulu musakenso ndi dzina la nyau, vinyau kapena zinyau. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukapeza mayina, funso lotsatira ndi pogogoda. Ine ndimayambira ku University of Zambia, osati pokwera basi ya mu Great East Road ayi, koma pa nkhokwe yawo ya pa intaneti, mmene amaikamo zolemba za ophunzira a digiri yachiwiri ndi yachitatu. N'zaulere, ndipo mukhoza kuzitsitsa pa foni. Anthu amazinyoza poti analemba ndi ophunzira, koma ophunzirawo ndi amene anayenda ndi kope m'misika, m'makomboni ndi m'midzi imene akatswiri a kunja sanafikeko. Si zonse zolembedwa bwino. Komabe ngakhale chofooka chili ndi mphatso kumapeto kwake: mndandanda wa mabuku ndi mafayilo amene wolembayo anawerenga, nthawi zina ndi manambala ake a ku National Archives. Ine ndimayamba kuwerenga masamba akumapetowo.

Manambala amenewo ndi amene anatifikitsa, ine ndi mtsikana uja, ku National Archives of Zambia mu Government Road ku Ridgeway. Apa ndiyenera kunena mosabisa kuti gawo lalikulu la zimene zili m'nyumba imeneyo mulipeza pokhapokha mutapitako ndi miyendo yanu. Muli mabuku amene timawatcha District Notebooks, mmene mabwana a boma lililonse ankalembamo za mafumu, midzi, misonkho, njala, miliri ndi antchito a pa boma. Mulinso nyuzipepala zakale, chifukwa lamulo limati wosindikiza aliyense m'dziko muno azipereka kope kumeneko. Mutende, nyuzipepala imene boma la atsamunda linkatulutsira anthu akuda kuyambira mu 1936 mpaka 1952, inali ndi masamba a Chinyanja. Ufulu utabwera tinali ndi Tsopano. Wofuna kudziwa Chinyanja chimene agogo athu ankalemba, madandaulo awo ndi malonda amene ankawakopa, akawerenge zimenezi. Koma powerenga District Notebook muzikumbukira amene anagwira cholembera. Anali wokhometsa msonkho, ankamva nkhani kudzera mwa womasulira, ndipo mfumu imene inkamukana ankailemba kuti ndi yaulesi kapena yovuta. Tengani tsiku, dzina la mudzi ndi chiwerengero. Chiweruzo chake mumusiyire yekha.

Zina za m'dziko muno zili pa intaneti koma pakhomo la kunja. Mapepala a chipani cha UNIP anajambulidwa ndi thandizo la Endangered Archives Programme ya British Library, ndipo mumawapeza pa tsamba la laibulale ya ku London imeneyo. Nyimbo nazo n'chimodzimodzi. Hugh Tracey anayendayenda ndi makina ojambulira mawu m'zaka za m'ma 1950, kujambula nyimbo za Achewa, Ansenga, Angoni ndi mitundu ina yambiri, ndipo zonsezo zikusungidwa ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa mu 1954 ndipo tsopano ili ku Rhodes University mu mzinda wa Makhanda ku South Africa. Tsiku lina ndinaika imodzi mwa nyimbo zopondera mtondo za m'gulu limenelo kuti mayi wina wachikulire wa ku Woodlands amve. Anatseka maso, dzanja likugunda pa bondo motsatira munsi, ndipo itatha anandiuza mawu awiri amene wolemba katalogi anawamva molakwika. Katalogi inali ndi tsiku ndi malo, iwo anali ndi tanthauzo. Nyimbo za Zamrock, za magulu ngati WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, ana athu akuzimva lero makamaka chifukwa kampani ya Now-Again Records ya ku America inazitulutsanso. Ndimayamikira ntchitoyo, komabe zimandipweteka kuti mwana wodutsa tsiku ndi tsiku mu Alick Nkhata Road amayenera kugogoda kutsidya la nyanja kuti amve za oimba a m'dziko lake.

Si onse obwera kwa ine amafuna zakale. Bambo wina wosema ziboliboli ku Kabwata Cultural Village, mu Burma Road, anabwera chifukwa mlendo wina anafuna kugula katundu wambiri koma anapempha mapepala a bizinesi. Anali atauzidwa kuti pafunika munthu wapakati woti amulipire. Tinatsegula tsamba la PACRA, bungwe limene limalembetsa mayina a bizinesi, makampani ndi zizindikiro za malonda. Pamenepo mukhoza kuona ngati dzina limene mukufuna lili kale ndi mwini wake, ndiponso ngati kampani imene ikukulonjezani zabwino inalembetsedwadi. Nambala ya msonkho, imene tonse timangoti TPIN, imachokera ku bungwe la misonkho la ZRA. Lamulo lililonse limene munthu akukuopsezani nalo mukhoza kuliwerenga nokha pa ZambiaLII, pamodzi ndi zigamulo za makhoti. Bamboyo anaweramira pa kompyuta n'kunena kuti, "Ndiye ndi izi chabe, atate?" Ndinati ndi zomwezo, chotsala n'kudzaza mafomu mosamala.

Za chiwerengero cha anthu, pitani kwa Zambia Statistics Agency. Kalembera wa mu 2010 anapeza anthu oposa pang'ono 13 miliyoni m'dziko muno, ndipo wa mu 2022 anapeza oposa 19 miliyoni, mwa iwo oposa 2 miliyoni ali m'boma la Lusaka lokha. Nkhani ya mayina ija imabweranso pano. Kalembera amawerenga motsatira madera a aphungu ndi mawadi, osati mayina amene kondakitala amakuwa pa siteshoni. Wofuna kutsegula golosale ku Chelstone ayang'ane pansi pa Munali, wa ku Kabulonga ayang'ane Lusaka Central. Ndipo nambala iliyonse imene mwaipeza, lembani pambali pake chaka chake ndi amene anawerenga. Nambala yopanda chaka ine sindiilola kulowa mu lipoti la munthu amene ndikumuthandiza.

Pali anthu ena akutali amene ndimawaganizira kawirikawiri pa ntchitoyi. Ku United States kuli anthu ochokera ku Mexico, Puerto Rico, Cuba ndi maiko ena olankhula Chisipanishi, amene amatchedwa Latino. Kwa nthawi yaitali mabuku a mbiri ya dzikolo ankangowatchula modutsa. Nicolás Kanellos wa ku University of Houston, amene anayambitsa Arte Público Press mu 1979, anatsogolera ntchito yoyamba chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 yosakasaka nyuzipepala, mabuku ndi makalata a Chisipanishi amene anthuwo analemba m'dzikolo kalekale, n'kuzijambula kuti ziwerengedwe pa kompyuta. Lero wofufuza za luso, malonda kapena madera a anthu amenewa ali ndi poyambira pambiri, ndipo mu 2020 nyumba ya malamulo ya dzikolo inavomereza kuti Smithsonian ikhale ndi nyumba ya mbiri yawo. Palibe anawachitira zimenezi. Anatolera okha. Kuno kwathu njira yofananayo yatengedwa ndi Samba Yonga ndi Mulenga Kapwepwe ndi Women's History Museum of Zambia, imene ikuika pa intaneti mbiri za amayi amene mabuku a sukulu anawaiwala. Za zojambula ndi zosema, Lechwe Trust ndi Henry Tayali Gallery ya ku Showgrounds ndi makomo ogogodapo, pamodzi ndi Lusaka National Museum mu Independence Avenue.

Pamenepa ndiikepo chenjezo limene ndimalinena ndi mtima wonse. Si chilichonse choyenera kuikidwa pa intaneti. UNESCO inalengeza Gule Wamkulu mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, ndipo pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, mwezi wa Ogasiti, gule amavina pabwalo pamaso pa Kalonga Gawa Undi ndi khamu la ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique. Za pabwalo n'za aliyense. Za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake. Wophunzira akandibweretsera zithunzi za mtundu umenewu, ndimamufunsa kaye amene anamuloleza. Akasowa yankho, sindimuthandiza kuzifalitsa.

Mtsikana wa ku Chelstone uja sanapeze dzina la ambuya ake pa intaneti, ndipo ku Ridgeway anangopeza dzina la mudzi wawo, lolembedwa ndi chilembo chimodzi chosiyana ndi mmene banja limalembera. Za Kabwata anaphunzira kuti tinyumba tozungulira ta udzu tija timene lero muli osema, 43 timene tinasiyidwa pamene tina tinagwetsedwa, tinamangidwira amuna obwera kudzagwira ntchito m'tauni opanda mabanja awo. Ndinamuuza kuti apite nazo kwa ambuya ake aakazi, amene adakali moyo, akawawerengere.

Patapita sabata ziwiri anabweranso atanyamula chitini cha mabisiketi chokulungidwa m'chitenje. Ambuya ake atamva dzina loti Fort Jameson anaseka, n'kulowa kuchipinda kukatulutsa chitinicho pansi pa bedi. Munali chitupa cha malemuwo, malisiti a msonkho, khadi la ubatizo, ndi chithunzi cha amuna anayi ovala makabudula a kaki ndi zisoti zazitali. Tinayala nsalu yoyera pa tebulo pafupi ndi zenera, n'kujambula chimodzichimodzi ndi foni yake, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Fayilo iliyonse tinaipatsa dzina la munthu, malo ndi chaka, ndipo pa malopo tinalemba mayina onse awiri, lakale ndi latsopano. Zithunzizo tinazisunga malo awiri, kope lina n'kutumiza kwa amalume ake ku Johannesburg. Pa amuna anayi aja mtsikanayo ankadziwa mmodzi yekha. Anaimbira foni kunyumba pomwepo, n'kuika kuti tonse timve, ndipo ambuya anayamba kuwatchula kuchokera kumanzere, aliyense ndi mudzi wake, ine ndikulemba ndi pensulo.