Asanakumbe maziko ku England: ndani amateteza zakale za pansi pa nthaka?

Ku England, wofuna kumanga msewu, fakitale kapena mudzi wa nyumba zatsopano sangofika ndi katapila n'kuyamba kukumba. Nthaka ya dzikoli yadzaza ndi mabwinja osanjikizana: malo a anthu amene ankasema zida za miyala, manda ndi midzi ya anthu amene ankasula mkuwa ndi chitsulo, komanso misewu ndi nyumba za Aroma, amene analanda dzikoli mu 43 AD n'kulilamulira mpaka cha m'ma 410 AD. Maziko akadutsa pamenepo, zonsezo zimatheratu, ndipo madzi akatayika sawoleka. N'chifukwa chake pali ndondomeko yoti malo afufuzidwe kaye, ndipo wolipira kafukufukuyo ndi mwini ntchito yomangayo.

Mmene ndondomekoyi inayambira

Kale sizinali choncho. Mu 1954, pakati pa mzinda wa London, katswiri wofukula zakale W. F. Grimes anapeza kachisi wa Aroma wa mulungu wawo Mithras pamalo pamene panayenera kumangidwa maofesi. Anthu miyandamiyanda anaima pamizere kudzaona, koma ntchito yomanga sinasiyidwe. Miyala ya kachisiyo inangosamutsidwa n'kukaimikidwanso pamalo ena chapafupi.

Zinthu zinasintha mu 1989, pamene omanga ku Southwark, dera la mumzinda wa London, anatsala pang'ono kuwononga maziko a Rose, nyumba ya zisudzo ya m'nthawi ya Shakespeare. Anthu anachita zionetsero, ndipo mu November 1990 boma linatulutsa malangizo otchedwa PPG16. Mfundo zake zinali ziwiri: ngati n'kotheka zakale zisiyidwe pomwe zili, ndipo ngati n'kosatheka, womangayo alipire akatswiri kuti azifukule ndi kuzilemba zisanawonongeke. Mfundozi zidakalipo mu ndondomeko ya boma yotchedwa National Planning Policy Framework, imene inayamba kugwira ntchito mu 2012.

Ndani amachita chiyani

Chilolezo chomangira chimachokera ku khonsolo, ndipo khonsolo imakhala ndi katswiri wa zakale woilangiza. Iye safukula; ntchito yake ndi kunena zoyenera kuchitika ndi kuyendera malowo kuti aone ngati zikuchitikadi. Ofukula enieni ndi mabungwe monga MOLA, Oxford Archaeology ndi Wessex Archaeology, amene amapikisana kuti womanga awapatse kontirakiti. Malo ofunika kwambiri kudziko lonse amatetezedwa ndi lamulo lapadera la 1979, ndipo palibe angawakhudze popanda chilolezo cha nduna, imene imalangizidwa ndi bungwe la Historic England.

Kuchokera mu ofesi kufika m'dothi

Ntchito imayambira patebulo. Dera lililonse lili ndi kaundula wotchedwa Historic Environment Record, mmene mumalembedwa zonse zimene zinapezekapo m'deralo. Akatswiri amauwerenga pamodzi ndi mapu akale ndi zithunzi zojambulidwa pandege, chifukwa mbewu zomera pamwamba pa ngalande yakale yokwiririka zimakula mosiyana ndi zinzake.

Pakaoneka chizindikiro, amayendetsa pamundapo makina oyeza maginito a m'nthaka, amene amaonetsa maenje, ng'anjo ndi ngalande popanda kukumba. Kenako amakumba ngalande zoyesera apa ndi apo kuti adziwe chomwe chilipo, kuya kwake ndi zaka zake.

Zotsatira zake zimapita ku khonsolo isanagamule. Khonsolo ikhoza kukana pempholo, kapena kuuza womanga kuti asinthe pulani kuti pamalo pa manda, mwachitsanzo, pakhale bwalo la kapinga. Nthawi zambiri imavomera koma ndi lamulo lakuti asayambe kumanga mpaka malowo atafukulidwa motsatira chikalata chofotokoza ntchito yonse, chimene khonsoloyo yavomereza. Apa katapila amachotsa dothi lapamwamba lokha, zotsalazo n'kumakumbidwa ndi manja. Dzenje lililonse limapatsidwa nambala, kujambulidwa ndi kuyezedwa. Pamalo pamene sipakuyembekezeka zambiri, katswiri amangoima pambali pa omangawo n'kumayang'anitsitsa dothi likamatuluka.

Zimene zapezeka

Pokonzanso msewu wa A14 pakati pa Cambridge ndi Huntingdon, akatswiri pafupifupi 250 anafukula malo okwana mahekitala pafupifupi 350 kuyambira mu 2016. Anapeza mafupa a njovu zaubweya zimene zinatha kalekale, mabwalo a miyambo a anthu a nthawi yamakedzana, ng'anjo 40 zimene Aroma ankawotcheramo mbiya, ndiponso zotsalira za mowa wofululidwa cha m'ma 400 BC. Popanda msewuwo, bwenzi zonsezi zikadali pansi pa minda.

Ku London, kampani ya Bloomberg itaganiza zomanga likulu lake la ku Ulaya pamalo omwe aja a kachisi wa Mithras, inalipira MOLA kuti ifukule kuyambira 2010 mpaka 2014. Matope a kamtsinje kokwiririka ka Walbrook anali atasunga nsapato zachikopa ndi timatabwa tolembapo toposa 400. Phula limene Aroma ankalembapo linatha, koma cholembera chinasiya zipsera pathabwa. Kathabwa kamodzi kali ndi deti la 8 January 57 AD, ndipo ndi chikalata cha ngongole ya madinari 105 pakati pa anthu awiri amene kale anali akapolo. Kachisi uja anabwezeredwa pafupi ndi malo ake enieni, mamita 7 pansi pa msewu, ndipo kuyambira mu 2017 anthu amakamuona kwaulere.

Zopezekazo n'zandani?

Zinthu wamba monga mapale ndi misomali n'za mwini malo, koma amapemphedwa kuzipereka ku nyumba yosungiramo zakale pamodzi ndi zolembedwa zonse. Golide ndi siliva wa zaka zoposa 300 ali ndi lamulo lake la 1996: wopeza ayenera kudziwitsa woweruza wotchedwa coroner pasanathe masiku 14. Mafupa a anthu sachotsedwa popanda chilolezo cha Unduna wa Zachilungamo, ndipo akapezeka mwadzidzidzi ntchito imaima n'kuitana apolisi kaye.

Kufukula kukatha, ntchito siinathe. Kutsuka mapale, kuyeza zaka za makala ndi mafupa, ndi kulemba lipoti kumatenga nthawi yaitali kuposa kukumba, ndipo zonsezi womanga amalipira. Apa ndi pamene ndondomekoyi imatsimphina. Womanga ndiye amasankha ofukula, ndipo kawirikawiri amayang'ana mtengo wotsika. Nyumba zina zosungiramo zakale zinadzaza moti sizilandiranso makatoni atsopano. Makhonsolo ena achepetsanso akatswiri owalangiza chifukwa chosowa ndalama, pamene woyang'anirayo ndiye mzati wa ndondomeko yonse.

Gawo la nzika

Pempho lililonse la chilolezo chomangira limaikidwa poyera pa tsamba la pa intaneti la khonsolo, pamodzi ndi malipoti a akatswiri, ndipo anthu amapatsidwa masiku osachepera 21 oti anenepo maganizo awo. Ngati mukukhala ku England ndipo mwaona chikwangwani cha ntchito yomanga m'dera lanu, werengani malipotiwo ndipo funsani khonsolo ngati malowo afufuzidwa. Ngati mumagwira ntchito yomanga n'kuona mapale ambiri, khoma lakale kapena mafupa m'ngalande, imitsani makina ndipo uzani kapitawo nthawi yomweyo.