Kodi Nthawi Iyenda Cimodzimodzi kwa Anthu Onse?

Nkhani yathu ya lero iri ya nthawi. Munthu wa pa nchito adziwa kuti nthawi iri yaukali koposa kapitao, pakuti belu likalira wocedwa alibe mau. Cifukwa ca ici ambiri a ife tiganiza kuti kuli wochi imodzi yaikuru yosaoneka, imene igunda cimodzimodzi ku Kitwe, ku London, kufikira ku nyenyezi komwe. Isaac Newton, katswiri wa ku England, anaphunzitsa zotere m'buku lace la caka ca 1687, ndipo anzeru anambvomereza zaka zoposa 200. Koma wochi yotere kulibe. Cinthu ciri conse ciri ndi nthawi yace yace, ndipo nthawiyo icedwa kapena ifulumira monga mwa liwiro la cinthuco ndi malo amene ciri.

Musasokoneze nkhani iyi ndi zija mukumva pa wailesi, kuti pamene kuno iri 8 koloko, nthawi ya Greenwich iri 6 koloko. Kumeneko ndi kupangana cabe kwa anthu potsata dzuwa. Sitinenanso za shifiti ya usiku, imene ioneka yaitali kwa munthu wotopa. Tinena za kugunda kwenikweni kwa wochi, kwa mtima, ndi kukalamba kwa thupi.

Ciyambi ca nkhani ndico kuunika. Kuunika kuthamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Tsono onani codabwitsa. Mnyamata akaima pa lole yothamanga naponya mwala kutsogolo, mwalawo upita ndi liwiro la mkono wace pamodzi ndi liwiro la lole. Koma akayatsa toci pa lole yomweyo, kuunika sikulandira liwiro la lole ngakhale pang'ono. Woima pa mseu ndi wokwera pa lole, onse awiri akayesa, apeza liwiro limodzi lomwelo. M'caka ca 1887 Albert Michelson ndi Edward Morley anayesa ku Cleveland, m'dziko la America, kufuna kuona ngati kuyenda kwa dziko lathu pozungulira dzuwa kusintha liwiro la kuunika, ndipo sanapeze kusiyana. Akatswiri anabvutika nazo zaka zambiri. Pomwepo m'caka ca 1905 Albert Einstein, mnyamata wa zaka 26 amene anali pa nchito m'ofesi ya boma ku Bern, m'dziko la Switzerland, analimba mtima nabvomereza kuti liwiro la kuunika silisintha kwa munthu ali yense. Koma liwiro ndilo mtunda umene cinthu ciyenda pa nthawi yakuti. Ngati liwiro likana kusintha, mtunda ndi nthawi ndizo ziyenera kugonja.

Apa cherani khutu, pakuti mutu wa nkhani uli pano. Tiyese kuti m'sitima yocoka ku Ndola muli wochi yacilendo. Iri ndi magalasi awiri, lina pansi, lina ku denga, ndipo kuunika kungodumpha pakati pao, kukwera ndi kutsika. Kukakwera ndi kutsika kamodzi, wochi yagunda kamodzi. Munthu wokhala m'sitimamo aona kuunika kulikukwera cowongoka ndi kutsika cowongoka. Koma inu mwaima pa sitesheni. Pamene kuunika kulikukwera, sitima nayo yasuntha, ndipo galasi la ku denga lapita kutsogolo. Kwa inu kuunika kwayenda copendeka, monga makwerero otsamira khoma, ndipo mmisiri ali yense adziwa kuti makwerero otsamira atalika koposa msinkhu umene afikapo pa khomalo. Njira yatalika, koma liwiro la kuunika ndi lomwe lija. Cotero kwa inu kugunda kumodzi kwa wochiyo kutenga nthawi yocuruka. Wochi ya m'sitima icedwa.

Wina adzati, “Imeneyo ndi wochi ya magalasi cabe, nanga yanga ya pa mkono?” Nayonso icedwa momwemo, pamodzi ndi mtima wa wokwerayo, ndi phala liri pa moto, ndi kumera kwa ndebvu zace. Pakuti wochi imodzi ikadacedwa yokha, wa m'sitima akadalinganiza ziwirizo nadziwa liwiro lace osayang'ana pa zenera, ndipo ici sicitheka pa ulendo wosalala wosakhota. Iye mwini saona cacilendo konse. Tsiku lace liri la maola 24 monga kale.

Nanga bwanji makolo athu sanazione izi? Cifukwa sitima, galimoto ndi ndege ziri ngati nkhono pozilinganiza ndi kuunika, ndipo kucedwa kwace kucepa kosaneneka. Kukula pokhapo cinthu cikayandikira liwiro la kuunika. Pa magawo 87 mwa magawo 100 a liwirolo, nthawi iyenda theka. Taganizani za mapasa. Mmodzi atsala kwao, wina akwera combo ca liwiro limeneli kunka ku Alpha Centauri, nyenyezi ziri pafupi nafe, zimene kuunika kwace kutenga zaka zinai ndi miyezi ingapo kuti kufike kuno. Pobwera apeza mbale wace waonjeza zaka 10, pamene iye waonjeza zaka 5 zokha. Wocenjera adzafunsa, “Kodi wa m'combo sanganene kuti dziko ndilo linathawa, iye ali ciimire?” Iai, pakuti iye ndiye anaima, natembenuka, nabwerera, ndipo thupi lace linamva kukankhidwa kwa kutembenukako. Wotsala uja sanamve kanthu. Maulendo ao sali ofanana.

Combo cotere sicinapangidwe, koma umboni ulikugwa pa mitu yathu usana ndi usiku. Kuti timvane, dulani sekondi imodzi m'tizigawo 1,000,000. M'mwamba, monga makilomita 15 kucokera pansi, tinthu tocokera kutali kuthambo tiomba mpweya, ndipo pakuombanapo pabadwa tinthu tina tating'onoting'ono tochedwa muon. Moyo wa muon uli waufupi, tizigawo 2 ndi pang'ono. Ngakhale ithamange monga kuunika komwe, m'moyo wotere ingathe mamita 660 okha. Zikadatero, pafupifupi zonse zikadafera m'mwamba. Koma zifika pansi zambirimbiri. Tambasulani dzanja lanu: monga imodzi ipyola cikhato canu sekondi iri yonse, ndipo zamphamvu zilowa m'thanthwe kufikira m'migodi. Zifika cifukwa liwiro lao licedwetsa nthawi yao, kwa zina kakhumi, kwa zina koposa. Bruno Rossi ndi David Hall anaziwerenga pa mapiri a ku Colorado nalengeza zimene anapeza m'caka ca 1941, ndipo ciwerengero cinagwirizana ndi masamu a Einstein.

Pali cinthu caciwiri cocedwetsa nthawi, cimene Einstein anacilongosola kotheratu m'caka ca 1915. Ndico mphamvu ya dziko yokoka zinthu pansi, yomwe ija igwetsa mwala m'mgodi. Wochi iri m'munsi icedwa, wochi iri pamwamba ifulumira. Zonse ziwiri zinayesedwa pamodzi m'caka ca 1971, pamene Joseph Hafele ndi Richard Keating anakwera ndege za apaulendo ndi mawochi anai a atomu, mtundu wa mawochi osaphonya, nazungulira nao dziko kawiri. Ponka kum'mawa, ndege iri kuonjeza liwiro lace pa kuzungulira kwa dziko, mawochi anatsala m'mbuyo ndi magawo 59 mwa magawo 1,000,000,000 a sekondi. Ponka kumadzulo anatsogola ndi magawo 273. Mu 2010 akatswiri a ku Colorado anakweza wochi masentimita 33 okha, naona kuti yayamba kufulumira.

Mwina mulikuti izi ndi zoseweretsa za anthu okhuta. Si tero ai. Foni imene ikuuzani malo amene muli, ndi zipangizo za opima malo, zimvera masetilaiti a GPS, amene ayenda makilomita monga 20,000 pamwamba pathu, ali yense ndi wochi ya atomu. Liwiro lao licedwetsa mawochiwo ndi tizigawo 7 pa tsiku, koma kukhala kwao pamwamba kuwafulumizitsa ndi tizigawo 45. Pocotsera, atsogola ndi tizigawo 38 tsiku liri lonse. Ziri zocepa m'makutu, koma kumbukirani kuti m'kagawo kamodzi kuunika kwapita kale mamita 300. Amisiri akonzeratu mawochiwo asanawatumize, kuti agunde mocedwerako pang'ono. Akadaleka kutero, mawochi a kumwamba akadasiyana ndi a pansi pano, tsiku liri lonse, ndi nthawi imene kuunika kuyenda makilomita oposa 10.

Anthu amene akhala m'nyumba ya kuthambo yozungulira dziko ali pafupi koposa masetilaitiwo, ndipo kwa iwo liwiro ndilo lipambana. Scott Kelly, wa ku America, anakhala komweko masiku 340, kuyambira mu 2015 kufikira mu 2016, pamene mbale wace wamapasa Mark anali pansi pano. Pa ulendowo nthawi ya Scott inatsala m'mbuyo, koma ndi pang'ono, osafika gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi.

Tsono inu a pansi pa mgodi. Migodi ya ku Mufulira ndi ku Nkana yapitirira mamita 1,000 kuya kwace. Cikepe cikakutsitsani mamita 1,000, nthawi yanu iyenda mocedwa kuposa ya mai a kunyumba. Wochi yosiyidwa kumeneko caka cathunthu itsala m'mbuyo ndi tizigawo 3 ndi theka. Munthu wogwira maola 8 pa tsiku pa malo otere kwa zaka 30 apuma nchito atasunga tizigawo monga 30, ndipo kuphethira kwa diso kumodzi kutalika koposa pamenepo nthawi zikwi zingapo. Musabvutike kukafunsa za malipiro ace ku ofesi.