Sipuling'i ikadulidwa, imafewa kapena imalimba?

Anthu opanga njinga zamoto za mtundu wa café racer amakonda kufupikitsa mafoloko akutsogolo kuti njinga izioneka yotsika. Ena amangodula sipuling'i ya m'kati mwa foloko. Ndikafunsa m'kalasi, ambiri mumati yodulidwayo imafewa. Ayi ndithu, imalimba.

Kumbukirani lamulo la Hooke, F = kx. Tiyerekeze kuti sipuling'i ili ndi makoyilo 40. Mukaikanikiza, koyilo iliyonse imafinyika pang'ono, ndipo kufinyika konseko mukakuphatikiza ndiye x. Tsopano dulanipo makoyilo 8. Atsala 32, ndiye mphamvu yomwe ija ikupereka x wochepa. Werengani 40 ÷ 32: k wakwera ndi 25 peresenti. Njinga ikagwa m'dzenje, tayala limadumpha m'malo mogwira msewu, ndipo tayala likakhala m'malere buleki alibe ntchito.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi trail. Jambulani mzere wotsata chiwongolero mpaka pansi. Umagwera kutsogolo kwa pomwe tayala lakhudza msewu. Kampata kameneko ndiye trail, pafupifupi mamilimita 100 pa njinga zambiri zamsewu, ndipo n'kamene kamachititsa kuti tayala liziwongoka lokha. Kutsogolo kukatsika, trail imachepa. Njinga imakhota msanga, inde, koma ikathamanga kwambiri mahandulo angayambe kugwedezeka okha.